Malamulo Aposachedwa Kapena Zimene Mwasankha Posachedwa?

Mu 2020 kampani ya Microsoft inaika mu Windows Terminal kabokosi kamene kamatseguka munthu akadina Ctrl+Shift+P. M'Chingerezi amakatcha command palette. Mukayamba kulemba m'kabokosimo, pamatuluka mndandanda wa ntchito zimene pulogalamuyo ingagwire: kutsegula tabu yatsopano, kugawa zenera pawiri, kukulitsa zilembo. Sublime Text inali nako kale kabokosi kotere, ndipo Visual Studio Code imatsegula kake ndi mabatani omwewa. Chimene anthu amakondera Visual Studio Code n'choti ntchito zimene munthu wakhala akusankha zimakwera pamwamba pa mndandanda. Pulogalamuyi imakumbukira ntchito 50, pokhapokha mwiniwake atasintha chiwerengerocho. Amene amagwira ntchito imodzimodzi m'mawa uliwonse safufuzanso, amaipeza ili pamwamba.

Nanga mutu wa kachigawo kapamwambako tiziutchula bwanji m'Chichewa? Funsoli likukhudza aphunzitsi a kompyuta amene amafotokozera ophunzira m'chinenero chathu, komanso omasulira mapulogalamu. Msampha umene uli pafupi ndi wolemba kuti “malamulo aposachedwa”. Mawuwa ndi achidule, amakwana bwino pa sikirini, koma amasocheretsa pawiri.

Poyamba ndi dzina loti malamulo. Munthu wa Chichewa akamva mawuwa amaganiza za Nyumba ya Malamulo, za khoti, za apolisi apamsewu, kapena za zimene makolo anakhazikitsa pakhomo. Lamulo limakhalapo nthawi zonse ndipo limamanga amene akulimva. Chimene timauza kompyuta n'chosiyana: timanena kamodzi, iyo ichite, zithere pomwepo. Ndipo wolamula ndi munthuyo. Wophunzira akaona “malamulo” pa sikirini angayese kuti ndi zimene iye ayenera kutsatira, pamene ndi zimene makina akudikira kumva kwa iye. Mneni woti kulamula alibe vuto limeneli. “Zimene mwalamula” zikuonetsa poyera amene wanena ndi amene wamvera.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyambalo, ndipo ndi limene ndikufuna tilisamale. Liwu loti posachedwa limayang'ana mbali ziwiri. Timati “Mvula yagwa posachedwa”, timatinso “Mvula igwa posachedwa”. Chiganizo choyamba chikunena za zimene zachitika, chachiwiri za zimene zikubwera, koma liwulo silinasinthe ngakhale pang'ono. Chimene chasiyanitsa ndi mneni. Tikachotsa mneni n'kutsala ndi “aposachedwa” okha, wowerenga satha kudziwa ngati akuona ntchito zimene wagwiritsa kale, ntchito zatsopano zimene opanga pulogalamu angoonjezera, kapena zimene zibwere m'tsogolo muno. Pa pulogalamu imene imalandira zatsopano pafupipafupi, matanthauzo atatu onsewa ndi omveka. Chingerezi chimatha kusanja maina okhaokha pa mutu, nkhani n'kumveka. Chichewa chimasunga nthawi ndi wochita m'kati mwa mneni, choncho mutu wopanda mneni umataya zonse ziwiri.

Mneniyo akhale wa nthawi iti? “Munasankha” akutitengera kutali, ngati nkhaniyo inatha kale. “Mwangosankha kumene” wachepetsa kwambiri, chifukwa m'munsi mwa mndandandawo mukhoza kukhala ntchito za sabata yatha. “Mwasankha” ndiye woyenera, pakuti amanena za chinthu chochitika chimene zotsatira zake zikadalipo, ndipo ndi mmene mndandandawo ulili: munthu wasankha, pulogalamu ikukumbukirabe.

Palinso kusiyana kumene mneni amationetsa, dzina n'kukubisa. Mukatsegula terminal mu Visual Studio Code, pamakhala zokumbukira ziwiri. Choyamba ndi cha shell, monga Bash, imene imasunga mizere imene munthu wataipa. Bash imasunga mizere 500 ngati simunasinthe chiwerengero cha HISTSIZE, ndipo mumaibweza podina muvi woloza m'mwamba kapena Ctrl+R. Chachiwiri ndi cha kabokosi kaja, kamene kamasunga ntchito za pulogalamu yeniyeniyo. Wophunzira amene wasokoneza ziwirizi amafufuza mzere umene analemba mu shell m'kabokosi, osaupeza, n'kuyamba kuganiza kuti ntchito yake yafufutika. Mphunzitsi akanena kuti “malamulo” pa zonse ziwiri wamusokoneza yekha. Akanena kuti “zimene mwalemba posachedwa” za shell, ndi “zimene mwasankha posachedwa” za kabokosi, wophunzira adziwa kopita asanafunse. Liwu loti mbiri, limene ena angaike m'malo mwa history, silithandiza pano, pakuti “mbiri ya malamulo” ikumveka ngati phunziro la maloya.

Za ulemu sindichedwapo. Pulogalamu sidziwa ngati amene wakhala pa kiyibodi ndi mwana wasukulu kapena agogo, choncho ilankhule ndi “mwa-”, osati “wa-”. “Zimene wasankha” ikhozanso kumveka ngati ikunena za munthu wina amene palibepo.

Ena adzadandaula kuti mutu wokhala ndi mneni ndi wautali. Ndikumvetsa, malo pa sikirini ndi ochepa. Koma “Zimene mwasankha posachedwa” ndi mawu atatu okha, ndipo “zomwe” m'malo mwa “zimene” amachotsapo chilembo chimodzi. Mawu omwewa amathandizanso pa ntchito ina imene Visual Studio Code ili nayo, yochotsa zonse zimene kabokosi kakumbukira. M'Chichewa ilembedwe kuti “Fufutani zimene mwasankha posachedwa”. Munthu amene akubwerekana kompyuta ndi anzake mu ofesi adziwa asanadine kuti akufufuta mndandanda wokha, mafayilo ake ndi mizere ya mu Bash zikhala mmene zinalili.