Mbiri ya Malawi Railways ndi Moyo wa M'tauni ya Blantyre

Ambiri mwa ife amene tidakulira ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri tidaidziwa sitima ya pamtunda tisadadziwe n'komwe kuwerenga. Ena makolo awo adali kugwira ntchito ku Railways ku Limbe, ena adali kukwera sitimayo ndi thiranki la kusukulu sukulu ikamatsegulira, ndipo ena adangoizolowera chifukwa cha kulira kwake. Komatu ndi ochepa amene adafunsapo kuti njanjiyi idabwera bwanji kuno, nanga chidaigwetsa ndi chiyani. Mbiri yake ikutiphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu: dziko lathu lilibe doko la kunyanja ya mchere, tsono mtengo wa mchere, mafuta ndi feteleza pa msika wa Ndirande umadalira njira yathu yopita kugombe.

Njanji isadabwere, katundu wochokera kunja ankafika ku Chinde, kumene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja. Kuchoka apo ankakwezedwa pa sitima za pamadzi zimene zinkabwera ndi mtsinje wa Shire mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga ku Chikwawa. Kenaka amtengatenga ankausenza pamutu kukwera nawo mapiri mpaka ku Blantyre. Ntchito imeneyi inkafuna anthu zikwizikwi, ndipo azungu a minda ya khofi ankadandaula kuti akusowa antchito. Vuto lina lidali lakuti madzi a mu Shire ankaphwera chaka ndi chaka, kotero kuti sitima za pamadzi zinkatitimira mu mchenga.

Pa zifukwa zimenezi kampani ya Shire Highlands Railway idamanga njanji kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi Luchenza mpaka ku Limbe ndi Blantyre. Njanjiyi, yotalika pafupifupi makilomita 180, idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco idakhazikitsa fakitale yake ku Limbe. Likulu la njanji ndi malo okonzerako ma injini zidamangidwanso komweko, ndipo tauni ya Limbe idakula mozungulira siteshoni ndi fodya. Matauni awiriwa, Blantyre ndi Limbe, adadzaphatikizidwa m'chaka cha 1956.

Posakhalitsa ku Port Herald nakonso madzi adachepa. M'chaka cha 1915 njanji idatalikitsidwa mpaka ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi m'dziko la Mozambique. M'chaka cha 1922 njanji ya Trans-Zambezia yochokera ku Dondo, kufupi ndi Beira, idafika tsidya lina la mtsinjewo. Kwa zaka zoposa khumi anthu ndi katundu ankatsika sitima, kuwoloka Zambezi pa bwato lalikulu, n'kukakwera sitima ina kutsidyako. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, udatsegulidwa m'chaka cha 1935. Chaka chomwechonso njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka ndi Chipoka idafika ku Salima. Nthawi imeneyi n'kuti kampani ya Nyasaland Railways, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1930, ikuyendetsa zonse.

Tisaiwale kuti atsamunda adamanga njanjiyi poganizira fodya, tiyi ndi thonje wopita ku Ulaya. Ngongole ya njanji ya ku Beira ndi mlatho uja idalemetsa boma la Nyasaland kwa zaka zambiri, ndipo ndalama zimene zikadamanga sukulu ndi zipatala zinkathera ku chiwongoladzanja. Mitengo yonyamulira katundu idali yokwera. Ngakhale m'mabogi momwe mudali tsankho: azungu kwaokha m'kalasi yoyamba, anthu akuda wothithikana pa mabenchi athabwa. Komabe makolo athu adaisandutsa sitimayi kukhala yawo. Amuna opita kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia ankakwera sitima ya ku Beira, n'kusintha pa Dondo kulowera ku Umtali ndi Salisbury. Ena adabwerera ndi njinga ndi makina osokera, ena adasanduka matchona. Dzina la depoti ya mabasi ya Wenela, pafupi ndi siteshoni ya Blantyre, likukumbutsa bungwe lija limene linkalemba anthu opita ku migodi ya ku Joni.

Railways idali imodzi mwa makampani olemba anthu ambiri ntchito m'dziko muno. Ku Limbe kudali oyendetsa sitima, othira malasha, magadi, makalaliki, amakaniko ndi akalipentala, ndipo kampani idamangira antchito ake nyumba ku Mpingwe, kufupi ndi Bangwe. Malipiro a munthu wakuda adali otsika kwambiri poyerekeza ndi a mmwenye kapena mzungu. M'chaka cha 1960 antchito akuda a Nyasaland Railways adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo sitirakayi imawerengedwa pakati pa zazikulu zimene zidachitika kuno nthawi ya atsamunda.

Kampani yomweyi inkayendetsanso sitima za pa nyanja ya Malawi. Ngozi ya sitima ya Vipya, imene idamira m'mwezi wa July 1946 n'kupha anthu 145, idagwa m'manja mwake. Sitima ya Ilala idapangidwa ku Scotland, idabwera zidutswazidutswa pa njanji mpaka ku Chipoka, ndipo idayamba kuyenda panyanja m'chaka cha 1951.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, dzina lidasintha kukhala Malawi Railways, ndipo patangopita zaka zochepa boma lidagula kampaniyi. Zaka zotsatirazo ndizo zidali zokoma kwa njanji yathu. M'chaka cha 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda lidatsegula njanji ya makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Nkaya, kumwera kwa Balaka, kudzera pa Liwonde mpaka ku Nayuchi m'malire a Mozambique. Idamangidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo idatipatsa doko lachiwiri, la Nacala. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, dziko la Canada lidathandiza kumanga njanji yochokera ku Salima, imene idafika ku Lilongwe m'chaka cha 1979 ndi ku Mchinji m'chaka cha 1980. Ma injini a dizilo adalowa m'malo mwa a malasha aja.

Kwa anthu a m'matauni athu, sitima idali galimoto ya munthu wosauka. Tikiti yake idali yotsika kuposa ya basi, ndipo munthu ankatha kukwera ndi matumba, madengu, nkhuku ndi njinga yomwe. Amayi a geni ankapita ku Luchenza, Khonjeni, Sandama ndi Sankhulani kukapikula nthochi, nanazi ndi mizimbe, ena mpaka ku Makhanga kukatenga nsomba ndi mbatata. Zimenezi zinkatsikira pa siteshoni ya Limbe, m'mawa mwake n'kupezeka pa misika ya Bangwe, Ndirande ndi Zingwangwa. Midzi ina ya m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo idalibe msewu wabwino, tsono sitima ndiyo idali njira yawo ya ku chipatala ndi ku msika. Ana angati a m'mabanja athu amene fizi yawo idachokera m'dengu la nthochi lokwezedwa pa sitima?

Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo idathyola msana wa Malawi Railways, ngakhale idali kumenyedwa kunja kwa malire athu. Pofika chaka cha 1984 njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zidali zitatsekeka, ndipo m'chaka cha 1986 mlatho wa Dona Ana udaphwanyidwa. Katundu wathu adayamba kuyenda pa malole kuzungulira ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ulendo wautali kangapo kuposa wa ku Beira, ndipo zinthu m'sitolo zidakwera mtengo. Kuyambira m'chaka cha 1987 asilikali a Malawi adapita kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena adataya miyoyo yawo kumeneko. Mtendere udasainidwa ku Rome mu October 1992, koma n'kuti amalonda atazolowera kale malole, ma injini atakalamba, kampani ili m'ngongole.

Boma latsopano la zipani zambiri, motsatira malangizo a World Bank, lidagawa kampaniyi pawiri: Malawi Railways (1994) Limited ya pamtunda ndi Malawi Lake Services ya panyanja. Antchito ambiri adachotsedwa, ndipo mabanja a ku Limbe adazimva m'thumba. M'chaka cha 1997 madzi osefukira adakokolola njanji pa Chiromo, kotero kuti sitima ya kumwera idayamba kuthera pa Makhanga, anthu a ku Bangula ndi Nsanje n'kutsala opanda sitima ya ku Limbe. Pa 1 December 1999 njanji idaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo apa ndi pamene nthawi ya boma loyendetsa sitima idathera.

Zitatha izi padachitikanso zina. Njanji ya Mchinji idalumikizidwa ndi Chipata ku Zambia m'chaka cha 2010. Kampani ya Vale ya ku Brazil idamanga njanji yatsopano yochokera ku migodi ya malasha ya Moatize kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, ndipo njira yonse ya ku Nacala idatsegulidwa mwamwambo m'chaka cha 2017. Monga momwe zidalili m'chaka cha 1908, amene adaika ndalama adaganizira katundu poyamba. Munthu wa dengu uja amakumbukiridwa pokhapokha boma likamuikira kumbuyo.

Anzanga, ena mwa ife lero ndi ma injiniya, aphunzitsi, amalonda ndi akuluakulu a m'boma. Nkhani ya njanji ikabwera patebulo, tizifunsa mafunso awiri: kodi dziko lili ndi njira zingati zopita kugombe, nanga mayi wa ku Sandama akwera chiyani? Amene muli ndi ana kapena adzukulu, apititseni ku Museum ya ku Chichiri akaone injini yakale ya malasha imene ili panja paja. Ndipo ngati kwanu kukadali agogo amene adagwirapo ntchito ku Railways, khalani nawo pansi, mulembe zimene akukumbukira, musungenso zithunzi ndi makalata awo a ntchito.