Khoma la moto kapena mlonda wa pachipata?

Pa Boma la Chitipa Chichewa ndi mlendo. Eni nthaka ali ndi Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi zinenero zina zambiri, koma akamatiyankhula m'Chichewa amayala mawu mosamala ngati mphasa ya apongozi. N'chifukwa chake manyazi adandigwira nditamva mnyamata wa kwathu kuchigawo chapakati akulangiza mayi wogulitsa khofi wa ku Misuku, amene adali atangogula rauta: "Mupange change password, mupange on khoma la moto, kenako mupange scan." Mayiwo adangoti kakasi.

Mneni uyu "kupanga" wadya anzake ngati chiswe. Sitipanga change, timasintha. Marauta ambiri amachoka kufakitale ndi mawu achinsinsi akuti admin, odziwika kwa wakuba aliyense, choncho langizo n'lakuti "sinthani mawu achinsinsi". Sitipanga scan, timafufuza.

Koma chondiwawa kwambiri ndi "khoma la moto". Mchewa akamva zimenezi amaona khoma likuyaka lawilawi, pamene Azungu adatenga dzina la firewall ku khoma loletsa moto kufalikira m'nyumba. Tamasulira khungu, nyama tasiya. Ntchito yake mu rauta ndi ya mlonda wa pachipata: chimene mwaitana nokha pa intaneti amachilowetsa, wongogogoda osaitanidwa amamubweza. Bwerekani liwulo monga liliri ngati mufuna, kubwereka si kuba, koma polongosola nenani kuti amatchinga.

Tsono mlonda saona za m'thumba. Mlimi wa ku Nthalire amadziwa kuti mpanda umaletsa mbuzi, koma anankafumbwe amalowa m'nkhokwe pamodzi ndi chimanga chimene wasenza yekha. Vayirasi nayonso imabwera pafulashi imene mwakaikitsa nyimbo kumsika, kapena m'kalata ya pa imelo imene mwatsegula ndi chala chanu. Apa mpofunika antivayirasi, yofufuza ndi kuchotsa zolowa kale. Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi yakeyake, Microsoft Defender, koma imafuna kulandira zatsopano pafupipafupi, apo ayi mbava zatsopano siizizindikira, ndipo ambirife timaimana zimenezi poumira bando. Kutchinga ndi kuchotsa ndi aneni awiri osiyana. Wowaphatikiza m'mawu amodzi akuti "ndili protected" amagona tulo chimanga chikufumbwa.

Ena amati tizinena "kachirombo ka m'kompyuta". Sindikana, ngakhale liwu limeneli lidasenza kale maliro ambiri m'dziko muno, ndipo ine ndimalitchula mopepesa.

Nditawafotokozera mayi aja za mpanda ndi anankafumbwe, adaseka, natembenukira kwa mwana wawo n'kumubwerezera zonse m'Chisukwa. Sindidamve liwu ndi limodzi lomwe, koma "kupanga" munalibemo.