Malita 15 patsiku: muyezo wobadwira pamaliro a ku Goma

Chigubu chachikasu cha malita 20, chija munali mafuta ophikira, mayi wokhala mumsasa amachisamala ngati mwana. Akachitula pamutu amayamba wagawa madziwo mumtima: awa akumwa, awa ophikira nsima, awa osambitsa khanda, otsalawo ochapira matewera. Kawirikawiri sadziwa kuti pali buku lolamula kuti aliyense wa m'banja mwake apeze malita osachepera 15 patsiku, kuti mpopi usatalikire kuposa mamita 500, ndiponso kuti chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20. Mbiri ya buku limeneli ikuyambira pamaliro.

Pakati pa April ndi July 1994, anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa ku Rwanda, ochuluka mwa iwo Atutsi. Boma lomwe linatsogolera kuphanako litagonja, namtindi wa anthu unathawira m'dziko la Zaire, lomwe lero ndi DRC. M'masiku osakwana sabata, pakati pa mwezi wa July, anthu pafupifupi 850,000 anakhuthukira m'tawuni ya Goma. Nthaka ya kumeneko ndi mwala wouma wochokera kuphiri lophulika, khasu limangodumpha. Zimbudzi zinakanika kukumba, manda nawonso. Anthu ankatunga madzi akumwa m'nyanja ya Kivu, momwemonso ena ankasamba ndi kudzithandiza. Kolera anabuka, kamwazi n'kutsatira, ndipo m'mwezi woyamba wokha anthu pafupifupi 50,000 anamwalira. Mitembo inkakulungidwa m'mikeka n'kuikidwa m'mbali mwa msewu kudikira galimoto.

Mabungwe othandiza anabwera ambirimbiri, ndalama nazo zinalipo. Alipo omwe anagwira ntchito yotamandika usana ndi usiku. Koma analiponso ena ofika ndi mbendera ndi makamera, antchito awo asanaonepo wodwala kolera n'kale lomwe. Pochiza kolera chachikulu n'kubwezeretsa msanga madzi m'thupi, komabe m'matenti ena odwala ankafa dripu ikudontha mochedwa. Panalibe muyezo umodzi woti munthu aloze n'kunena kuti apa mwalakwa. Chopweteka china n'chakuti atsogoleri a zigawenga zomwe zinapha anthu kwawo ndiwo ankalamulira misasa ina, chakudya n'kumadutsa m'manja mwawo. Nthambi ya ku France ya Médecins Sans Frontières inachoka m'misasayo chakumapeto kwa 1994 pokana kudyetsa nkhondo.

Chomwe chinatsatira ine ndimachilemekeza kwambiri. Bungwe la boma la Denmark loona za chithandizo, Danida, linamema maiko ndi mabungwe kuti pachitike kafukufuku mmodzi waukulu wofufuza zonse, osabisa mawanga a wina aliyense. Gawo loona za chithandizo cha mwadzidzidzi linatsogoleredwa ndi John Borton wa ku Overseas Development Institute mumzinda wa London. Lipoti linatuluka mu 1996. Linanena poyera kuti maiko analephera kuletsa kuphanako ndipo anabisala kumbuyo kwa matumba a chakudya, chikhalirecho chithandizo sichingalowe m'malo mwa chiganizo cha ndale. Linanenanso kuti mabungwe ena anagwira ntchito mosadziwa ndi mosasamala, ndipo mwina anawonjezera imfa. Langizo lake linali lakuti mabungwe adziikire malamulo, apo ayi pakhale wina wowaunika.

Mu 1997 mabungwe angapo pamodzi ndi a Red Cross anayambitsa ntchito yotchedwa Sphere. Zambiri mwa nambala zija, monga ya malita 15, akatswiri a zamadzi ndi zaumoyo ankazidziwa kale, kungoti zinali zomwazikana m'mabuku a bungwe lililonse. Sphere inazisonkhanitsa n'kuzimanga pamfundo yakuti munthu wogwa m'tsoka ali ndi ufulu wokhala moyo waulemu, sakupempha chifundo ayi. Buku loyesera linatuluka mu 1998, lenilenilo mu 2000, ndipo lakonzedwanso mu 2004, 2011 ndi 2018. Muli zakuti munthu apeze chakudya cha makalori 2,100 patsiku, malo ofoleredwa okwana masikweya mita 3.5, komanso asaime pamzere wa madzi kupitirira mphindi 30.

Si onse anaombera m'manja. Mabungwe ena a ku France anadandaula kuti ntchito yopulumutsa anthu isanduka yongochonga mabokosi papepala, wopereka ndalama n'kumangowerenga mipopi osafunsa ngati mtsikana angapite kuchimbudzi usiku popanda mantha. Dandaulo limeneli linali ndi nzeru, ndipo mu 2014 panabwera Core Humanitarian Standard, yomwe mwa malonjezo ake asanu ndi anayi ikuti olandira thandizo azifunsidwa maganizo ndipo akhale ndi podandaulira.

Nkhaniyi kwathu kuno siyachilendo. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, womwe kale unali ndende ya andale, unatsegulidwira othawa kwawo m'chaka chomwecho cha 1994, ndipo ena mwa oyamba kufikako anali ochokera ku Rwanda ndi Burundi. Malo okonzedwera anthu oposa pang'ono 10,000 tsopano akusunga oposa 50,000. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anasamutsa anthu oposa 600,000 m'chigawo chakummwera, ambiri n'kukaunjikana m'makalasi a sukulu ndi m'matchalitchi, pamene kolera anali kale mkati mosautsa dziko. Zimbudzi zomangira ana asukulu zinasenza mudzi wathunthu. Oyang'anira misasa ankadziwa nambala ya 20 ija, koma misewu ndi milatho zinali zitakokoloka.

Chondiwawa n'chakuti miyezoyi imadziwika ndi anthu a m'maofesi, m'Chingerezi, pamene mwini wake weniweni ndi mayi wa chigubu uja. Sangafunse chomwe sanamvepo kuti n'chake. Inu a mabungwe ndi a nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mvula isanayambe chaka chino lembani nambalazi m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka ndi m'Chisena, muzikhome pachipata cha msasa uliwonse, pamodzi ndi malo omwe munthu angakatule dandaulo lake.