Maphunzilo a mabwana amene anayambila ku migodi ya malasha

Masiku ano masukulu a bizinesi amene amaphunzitsa akulu-akulu a makampani amanyadila kuti ophunzila ao sangokhala m'kalasi: amapatsidwa vuto leni-leni la kampani kuti alimbane nalo. Ndipo malipilo ake si a maseŵela. Koma mmodzi mwa anthu amene anayambitsa njila imeneyi sanali wabizinesi. Anali Reg Revans wa ku Britain, wasayansi amene anabadwa mu 1907.

Ali mnyamata, Revans anagwila nchito ku Cavendish Laboratory ku Cambridge, m'nthawi ya Ernest Rutherford. Anaona kuti akatswili kumeneko akakumana sanali kuonetsana nzelu. Aliyense anali kuika poyela camuvuta, anzake n'kumufunsa mafunso. (Analinso wamaseŵela: anapikisana pa zolumpha ku Olympics ya 1928.)

Itatha nkhondo yaciŵili ya dziko lonse, boma la Britain linatenga migodi ya malasha mu 1947, ndipo Revans anali kuyang'anila za maphunzilo ku National Coal Board. Sanakhulupilile zotumiza mamanija a migodi kukamvetsela malekicala kwa anthu amene sanatsikepo pansi. Anawaika m'timagulu ting'ono-ting'ono. Anali kucezelana ku migodi yao, aliyense afotokoza comusoŵetsa tulo, kaya ni ngozi kapena anchito osabwela, anzake amufunsa, iye abwelela kukayesa, kenako abwela kudzanena zimene zacitika. Njilayi inachedwa action learning, kuphunzila mwa kucita.

Cimene cimanikondweletsa ni mmene anasiyanitsila mavuto. Alipo amene yankho lake lilipo kale. Mashini akaonongeka, itanani injiniya basi. Koma alipo ena amene palibe buku ingakuyankhileni, monga cifukwa cake anchito saulula zoona kwa bwana wao. Pa amenewa katswili alibe mphamvu. Revans analemba kuti L = P + Q: kuphunzila ni zimene zidziŵika kale, kuphatikizapo mafunso oyenela. Iye anaona kuti masukulu agulitsa P cabe.

Maganizo awa sanamupezele anzake. Anali pulofesa ku yunivesite ya Manchester kuyambila 1955, koma mu 1965, caka cimene Manchester Business School inatsegulidwa, anacoka cifukwa sanagwilizane na mmene anafunila kuphunzitsila. Anapita ku Belgium, kumene mayunivesite na makampani anagwilizana kucita cinthu covuta kwambili: bwana wa kampani ina anali kutumizidwa kwa miyezi ingapo ku kampani ya nchito imene saidziŵa, kuti akathandize pa vuto la eni ake. Mlendo sacita manyazi kufunsa zimene eni nyumba analeka kufunsa kale-kale.

Apa m'pamene niona kuti makosi ambili a manje anatengako theka cabe. Pulojekiti imene mapeto ake ni kuima kutsogolo kufotokoza, mupatsidwa mamaki, kampani n'kuika lipoti m'kabati, Revans sakanaiŵelengela. Kwa iye, munthu anafunika kucita cimene wanena, ndipo cikalephela anali iye woyankha mlandu.

Revans anamwalila mu 2003. Mu 2008, Manchester Business School inatsegula Revans Academy, dzina la munthu uja amene anacoka mu 1965.