Kulimbitsa thupi

Kulimbitsa thupi ndi kugwiritsa ntchito minofu mobwerezabwereza mpaka mtima, mapapo ndi mafupa zizolowere ntchito yokulirapo. Wakabaza akamakwera chitunda cha ku Dowa boma amapuma wefuwefu chifukwa minofu ya m'ntchafu ikufuna mpweya wambiri, ndipo mtima umathamanga kuti magazi afikitse mpweyawo. Pakapita masabata, mtima umapopa magazi ochuluka pa kugunda kumodzi, motero phuma limachepa.

Ntchito iwonjezedwe pang'onopang'ono, ndipo masiku opuma asanyozedwe, pakuti minofu imamangika thupi likamapuma ndi kudya mokwanira. Mu 2020 bungwe la WHO lidalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yotulutsa kathukuta. Mlimi wa ku Ntchisi amazipitirira ndi khasu lokha nthawi ya dzinja. Odetsa nkhawa ndi otandala pampando m'maofesi ndi m'masitolo a pa Mponela.