Zolembedwa m'mbali mwa tayala la ngolo ya boti

M'mwezi wa Okutobala, pamsewu wotsetsereka wochoka ku Dedza kupita ku Golomoti, si zachilendo kupeza galimoto itaima pambali, kumbuyo kuli ngolo yonyamula boti, tayala limodzi litasanduka sanza. Mwini wake ukamufunsa amangoti, "Laphulika." Wina amawonjezera kuti aka nkachitatu chaka chomwechi, mlandu n'kuukankhira kwa maenje a mumsewu kapena kwa wogulitsa.

Mawu oti kuphulika ndiwo amatisocheretsa. Amatipangitsa kuganiza za baluni imene yadzadza mopitirira, n'chifukwa chake ena kukatentha amaphwetsako tayala poopa ngozi. Chonsecho chimene chimapha matayala ambiri ndi mpweya wochepa. Tayala lofewa limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutenthako kumamatula labala ku mawaya ndi ulusi wa m'kati. Phokoso limene timamva pa Golomoti ndi mathero a nkhani imene inayambira ku Lilongwe.

Tayala lenilenilo limanena zonse, kungoti ambiri sitiwerenga. Ngolo zochokera ku America zimabwera ndi matayala olembedwa motere, mwachitsanzo: ST205/75R14. Zilembo za ST zikutanthauza kuti tayalalo analipangira ngolo basi. M'mbali mwake ndi molimba kuti lisenze katundu ndiponso kuti ngolo isamagwedezeke. 205 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, 75 ndi kutalika kwa khoma lake powerengera magawo 75 pa 100 a m'lifupimo, R ndi kayalidwe ka ulusi wa m'kati, pamene 14 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Kuno kwathu mupeza kwambiri olembedwa 195R14C, aja a minibasi, ndipo C ameneyu akusonyeza tayala la galimoto yonyamula katundu.

Apa pali msampha. Pa tayala la ST palinso C wina, wolembedwa pambuyo pa mawu oti Load Range, ndipo tanthauzo lake ndi lina. Uyu akunena za mphamvu: C ndi amene amakaniko amati "sikisi pulayi", D ndi 8, E ndi 10. Mawu a pulayi anatsalira kuyambira kale pamene ankawerengadi nsalu za thonje zosanjikizana m'tayala. Lero ndi muyeso chabe. Chofunika n'chakuti mphamvuyo imayendera limodzi ndi mpweya. ST205/75R14 la Load Range C limanyamula makilogalamu pafupifupi 800 pokhapokha lili ndi 50 psi, kapena kuti 3.4 bar. La D limafuna 65 psi. Mnyamata wopopa matayala akalithira 30 psi monga achitira ndi galimoto yaing'ono, mphamvu yolembedwayo yapita, ngakhale tayala likuoneka bwinobwino. Ndipo mpweya umayezedwa m'mawa tayala lisanayende. Likatentha geji imakwera yokha, ndipo zimenezo opanga anaziwerengera kale.

Pa matayala a 195R14C mphamvu imalembedwa ndi nambala monga 106, kutanthauza makilogalamu 950 pa tayala limodzi. Muyerekeze nambalayo ndi katundu weniweni. Yambani ndi kulemera kwa boti, kenako onjezani injini, mabatire, madzi oundana, ngolo yeniyeniyo, ndi petulo amene lita iliyonse imalemera pafupifupi magalamu 750. Anthufe boti timalisandutsa dengu: matenti, makala, makreti a zakumwa, zonse m'menemo. Za liwiro ndingonena mwachidule: matayala a ST opanda chilembo cha liwiro malire ake ndi makilomita 105 pa ola.

Mawu ena osokoneza ndi akuti "likadali latsopano". Timayang'ana mapanga a tayala n'kukhutira. Koma ngolo ya boti imakhala miyezi yambiri ili chiimire padzuwa, choncho tayala lake limakalamba lisanaperepeseke. Funani pamene palembedwa DOT. Manambala anayi omaliza ndiwo tsiku lake lobadwa. 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Likapitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kapena likayamba ming'alu m'mbali, lichokepo. Kwa ine, kugula tayala lapakaunjika la ngolo osawerenga manambala amenewa n'kutaya ndalama dala.

Nanga tayala likamaphulika mbali imodzimodzi nthawi zonse? Pamenepo lekani kulimbana ndi labala. Mwina ekiselo inapindika pa dzenje, ndipo chizindikiro chake ndi tayala lodyeka mbali imodzi. Mwina boti linakhala mopendekeka. Pa ngolo ya maekiselo awiri, ngati kutsogolo kwaweramira pansi, matayala akutsogolo ndiwo amasenza katundu wambiri. Palinso bering'i, vuto la ngolo za maboti makamaka. Mukafika ku Monkey Bay kapena ku Senga Bay n'kulowetsa ngolo m'madzi pomwepo habu ili yotentha, imazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi. Girizi amaonongeka, dzimbiri limalowa, ndipo paulendo wobwerera bering'i imatentha mpaka kutenthetsa limu ndi tayala lomwe.

Ndiye mukafika kunyanja, dikirani kanthawi habu izizire musanatsitse boti. Pobwerera, musanayambe kukwera phiri, imani mukhudze tayala lililonse ndi habu yake ndi kuseri kwa dzanja. Mukapeza limodzi likutentha kuposa anzake, musapitirire ulendo musanadziwe chifukwa chake.