Pamene Kanema Adayamba Kuzenga Milandu

M'chaka cha 1927, ku America, kampani ya Warner Bros. idaonetsa filimu yotchedwa The Jazz Singer, ndipo anthu adazizwa kumva mau akutuluka m'kamwa mwa munthu wa pa chinsalu. Kuyambira pamenepo kanema wosalankhula adayamba kuzilala. Koma makina atsopanowo adali ndi zovuta zao. Kamera inkachita phokoso, kotero ankaitsekera pamodzi ndi wojambula m'kachipinda kosatulutsa mau. Maikolofoni ankaibisa pa malo amodzi, ndipo ochita seŵero sankayenera kuitalikira. Kanema adapeza lilime, koma adataya miyendo.

Tsono opanga mafilimu adafunafuna nkhani yoti anthu azilankhula ali chikhalire. Adaipeza ku bwalo la milandu. Kumeneko woweruza ali pa mpando wake, mboni ili m'bokosi lake, ndipo chida cha loya ndi pakamwa basi. Motero mu 1928 kudatuluka On Trial, yochokera m'seŵero la Elmer Rice, ndipo mu 1929 kudabwera The Bellamy Trial, Madame X, ndi The Trial of Mary Dugan, m'mene Norma Shearer adalankhula koyamba pa kanema.

Kodi chidakoka anthu nchiyani? Ife amene tidazoloŵera kumvera milandu pa bwalo la mfumu tikudziŵa kukoma kwake kwa mlandu wozengedwa poyera. Woonera sangokhala phee. Nayenso amayesa mau a mboni, namadziŵeruzira yekha mumtima. Mau adabweretsa zimene kanema wakale sankatha kupereka: kunjenjemera kwa liu la wonama, ndi chete amene amagwa funso lolasa likafunsidwa. Filimu ya Thru Different Eyes ya 1929 idafika poonetsa imfa imodzi monga adaifotokozera woteteza, kenaka monga adaifotokozera woimba mlandu, kuti tione m'mene nkhani imasinthira malinga ndi woikamba.

Komabe zilema zake sizibisika. Ambiri mwa mafilimuŵa adali maseŵero a pa nsanja ongojambulidwa, ndipo ochita seŵero ankatchula mau pang'onopang'ono ngati akuŵerenga kalata. Chilema chimenechi chidachepa msanga, pamene akatswiri adaiphimba kamera kuti isamasokosere ndi kupachika maikolofoni ku mtengo wautali woyenda nawo. Chilema chachikulu chidali m'nkhani zenizenizo. Kaŵirikaŵiri choona chinkangotulukira mwadzidzidzi pa mapeto: mboni yosayembekezeka, kapena wolakwa woulula yekha pamaso pa onse. Mu The Trial of Mary Dugan, wakupha apezeka kuti ndi loya yemwe uja amene poyamba ankateteza mkaziyo. Nzokondweretsa ndithu, koma zimatiphunzitsa kuti chilungamo chimagwa ngati mphezi, pamene chimafuna kudekha kwa wofuna kuona maso a nkhono.

Nchifukwa chake filimu ya Murder!, imene Alfred Hitchcock adapanga ku England mu 1930, ikali yoyenera kuikumbukira. Sir John, mmodzi mwa anthu 12 osankhidwa kugamula mlandu, akukayika kuti mtsikana woimbidwa mlandu adaphadi munthu, koma anzake amupanikiza mpaka avomera, ndipo mtsikanayo aŵeruzidwa kuti aphedwe. Pambuyo pake timuona akumeta ndevu pa galasi, ndipo timamva maganizo ake akumutsutsa, milomo yake ili chitsekere. Apa mau sakutumikiranso mkangano wa maloya ai, koma chikumbumtima cha munthu mmodzi.

Ambiri a ife sitidzakhala pa mpando wa woweruza. Komabe timagamula milandu ya anzathu tsiku ndi tsiku, pa chitsime, pa msika ndi m'mabanja mwathu, nthaŵi zambiri titangomva mbali imodzi. Sir John adapeza mpata wokonza cholakwa chake mtsikanayo asadanyongedwe, popeza wolemba nkhani adampatsa mpatawo. Ife tikaipitsa mbiri ya mnzathu chifukwa chotsata gulu, palibe wolemba amene adzatibwezere mau athu m'kamwa.